Tulo ta alamu anga

Nditafika ku Durban kudzachita digiri yachiwiri, ndinkakhala kwa achemwali anga ku Umbilo. Amuna awo ndi Mzulu wa ku Umlazi ndipo amagwira ntchito yozimitsa moto. Ndisanamasule n'komwe chikwama, achemwali anandipatsa lamulo: "Alamu ako akachokera ku ntchito ya usiku, nyumba ino imakhala zii. Chitseko usamenyetse, foni uzikayankhira panja." Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati, munthu wamkulu, wamphamvu zake, angagone bwanji dzuwa lili paliwombo?

Kwathu ku Zomba ndinakula ndikudziwa kuti wogona masana ndi wodwala, woledzera kapena mlesi. Choncho tsiku lina mayi atandifunsa pa foni za moyo wa ku Joni, ndinayankha moseka kuti, "Mkamwini wanu uja ntchito yake n'kugona." Mawuwo anayenda, nabwerera kwa achemwali. Sanandikalipire. Anangoti, "Udzaona wekha," ndipo kwa sabata yathunthu tinkadya nsima mopanda nkhani.

Kunena zoona, alamu sankagona kwenikweni. Akalowa kuchipinda cha m'ma 8 koloko m'mawa, pofika 12 koloko amakhala atatuluka, maso ali psuu. Mwana wawo akagwetsa supuni ankamuzazira, kenako n'kumupepesa. Masiku opuma, ife tili m'tulo tofa nato, iwo ndiye ankayendayenda kukhitchini 3 koloko usiku. Sabata ina ankalowa masana, ina usiku, ndipo thupi lawo linkakhala ngati la munthu amene wangotsika ndege kuchokera kutali.

Mu July 2021 ku KwaZulu-Natal kunabuka zipolowe. Masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu zinatenthedwa, ndipo ku Cornubia nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi inayaka kwa masiku opitirira sabata. Alamu tinkangowaona ngati mlendo. M'mawa wina atafika, achemwali anati m'nyumba mulibe buledi, ndipo iwo anati andiperekeze pa galimoto tikaime pamzere. Tili pa maloboti a mu Umbilo Road, ndinamva galimoto ikuyenda pang'onopang'ono pamene getsi linali lofiira. Nditacheuka ndinaona maso awo ali otsegula theka, mutu utapendekeka. Ndinakoka handibuleki. Anadzidzimuka n'kunena m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, "Sbali, sindinagone ayi, ndangophethira." Sankanama. Iwo sanadziwe kuti anagona.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo chinthu chikandisokoneza ndimachifunira dzina. Azungu amati munthu ali ndi wotchi m'thupi. Poyamba ndinkayesa fanizo chabe, koma powerenga ndinapeza kuti wotchiyo ilipodi. Mkati mwa ubongo, pamwamba pa malo amene mitsempha ya maso imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupifupi 20,000. Kuwala kukalowa m'maso, kaguluka kamauza thupi kuti kwacha. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin ndipo thupi limayamba kuzizira pang'ono, mpaka cha m'ma 4 koloko mbandakucha, nthawi imene munthu amakhala wofooka kwambiri. Mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchiyi imayendera, atafufuza pa tintchentche ta pa zipatso. Agogo anga sankadziwa za maselo, koma ankadziwa kuti tambala sauzidwa nthawi yolira.

Vuto lake n'lakuti wotchiyi sisinthika ngati ya pamkono. Imasuntha ndi ola limodzi kapena awiri patsiku. Munthu amene walowa usiku kawiri kapena katatu n'kubwerera ku masana, thupi lake silifika pozolowera mbali iliyonse. Akamagona m'mawa, dzuwa la ku Durban limakhala likuuza ubongo kuti adzuke, n'chifukwa chake tulo take timakhala tatifupi. Wozimitsa moto ali ndi chipsinjo china. Ngakhale atapeza mpata wogona ku siteshoni, amagona khutu lili tcheru. Belu likalira, mtima umathamanga, ndipo m'kanthawi kochepa ayenera kukhala atavala, ali m'galimoto, mutu usanayere bwinobwino. Moto wa m'zisakasa za ku Kennedy Road, woyamba ndi kandulo kapena chitofu cha palafini m'nyengo yozizira, susankha kuti uyake masana.

Zimene zinachitika pa maloboti paja nazonso zinafufuzidwa kale. Mu 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati yemwe ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Kuno ku South Africa woyendetsa galimoto akafika pa mlingo umenewo waphwanya lamulo. Mu 2015 ofufuza a ku Boston, motsogozedwa ndi Laura Barger, anafunsa ozimitsa moto pafupifupi 7,000 a ku America. Mwa anthu 100 alionse, 37 anaoneka kuti ali ndi vuto la tulo, ndipo ambiri mwa iwo anali asanapimidwepo. Amenewa ndi amene ankachita ngozi za pamsewu mowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo. Bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linanena mu 2019 kuti ntchito ya usiku mwina imayambitsa khansa.

Lamulo la ntchito la dziko lino la 1997 limavomereza kuti usiku si masana. Limati amene amagwira ntchito kawirikawiri pakati pa 11 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa auzidwe zoopsa zake ndipo ali ndi ufulu wopimidwa ndi dokotala. Koma lamulo silingatseke pakamwa pa mlamu amene akuseka pa foni kuseri kwa chitseko. Mbali imeneyo inali yanga.

Ndinagula makatani okhuthala, akuda, n'kuwapachika ndekha kuchipinda kwawo. Ntchito yanga yomasulira ndinayamba kukagwirira ku laibulale masiku amene iwo agona. Alamu anasiya kumwa khofi mbandakucha, ndipo akatopa kwambiri amayamba agona pang'ono ku siteshoni kapena kusiya galimoto n'kukwera minibasi. Sindinganene kuti zonse zinatha. Mpaka lero amadzuka pakati pa usiku masiku opuma, ndipo achemwali amayang'anabe pa wotchi akachedwa kufika.

Chimene chinandivuta koposa chinali kuimbira mayi. Ndinawauza kuti ndinawanamiza, mkamwini wawo si mlesi. Mayi anakhala chete kanthawi, kenako anandikumbutsa za abambo aang'ono, omwe anagwira ulonda ku Limbe zaka zambiri. Ana tonse tinkawaseka chifukwa ankasinza kutchalitchi, ngakhale pamaliro. "Paja munkati aledzera," anatero mayi. "Munthu uja mowa sankaudziwa."

Pano ndimakhala pandekha, koma Loweruka ndimapitabe ku Umbilo. Ndikapeza nsapato zawo pakhomo ndipo makatani ali otseka, sindigogoda. Ndimatumiza uthenga kwa achemwali, n'kukhala pakhonde ndi mwana uja, tikulankhula monong'ona mpaka alamu atadzuka okha.