Tinasiya mpando wa uphungu n'kutenga pensulo ndi wochi

Tilipo atatu amene tinayambila pamodzi nchito ya uphungu mu Lusaka, ca m'ma 2005, pamene mankhwala a ma ARV anayamba kupelekedwa kwaulele m'zipatala za boma. Masiku amenewo munthu wofuna kupimitsa magazi anali kuyamba wakhala pansi ndi mphungu. Njila inali italambulidwa kale ndi mabungwe monga Kara Counselling, imene inayamba mu 1989, conco ife tinangoponda m'mapazi a ena. Pambuyo pake tinawonjezela maphunzilo a saikoloji, n'kuyamba kuthandiza anthu ovutika maganizo mwa kukambilana nawo mlungu ndi mlungu: ofedwa, omangidwa ndi mowa, atsikana ogwililidwa, mabanja amene atsala pang'ono kupasuka. Lelo palibe aliyense wa ife amene akali pa nchito imeneyo. Tonse tinasamukila ku nchito yopima. Timapima mmene munthu amakumbukilila zinthu, mmene amaganizila, mmene mwana amaphunzilila, ndipo tikatsiliza timalemba lipoti lopita ku sukulu, kwa dokotala, ku khoti kapena kwa olemba nchito.

Anzathu akale tikakumana nawo pa maliro kapena pa msonkhano amatiseka kuti, "Imwe munathawa misozi, munapita kukawelenga manambala." Sitikana zonse. Zaka zoposa khumi za kumva cisoni ca anthu kuyambila m'mawa mpaka madzulo zimasiya kutopa kumene tulo sitikucotsa. Nkhani ya ndalama nayonso ilipo. Uphungu wambili muno m'dziko umadalila mapulojekiti, ndipo pulojekiti ikatha, kontilakiti nayo yatha, pamene lipoti ndi cinthu cimene sukulu kapena kampani imapempha n'kulipila. Koma cimene cinatikoka kwambili ndi mafunso amene kukambilana kokha sikunali kuyankha. Mphunzitsi wakhala pa mankhwala zaka zambili, tsopano akuiwala maina a ana a m'kalasi lake. Kodi ndi kupsinjika maganizo, kapena pali cina cimene casintha mu ubongo? Tinali kumvetsela, kumulimbikitsa, koma yankho tinalibe. Awili a ife tinabwelela ku Yunivesite ya Zambia kukacita maphunzilo a Clinical Neuropsychology, amene anayambika mothandizana ndi yunivesite ya ku Trondheim ku Norway. Wacitatu anaphunzilila pa nchito, pansi pa akatswili opima ana.

Cinthu coyamba cimene cinatilemela ndi kutseka pakamwa. Mphungu amakhala ndi zizolowezi zimene zinalowa m'magazi: kugwedeza mutu, kunena kuti "eya, pitilizani amai", kubweleza funso m'mawu ena munthu akasokonezeka. Pa tebulo lopimila zonsezi n'zoletsedwa. Malangizo amawelengedwa mmene analembedwela, liwu ndi liwu. Mwana akuvutika kulinganiza timabuloko tofiila ndi toyela kuti tifanane ndi cithunzi, iwe ukuona bwino kuti buloko limodzi lokha ndilo latembenuka, wochi ikuyenda, koma suloledwa ngakhale kuloza ndi diso. Akakufunsa kuti, "Anti, nacita bwino?" umangoti, "Ukuyesetsa, tiye tipitilize." Miyezi yoyamba tinali kuona ngati ndi nkhanza. Koma lamuloli lili ndi cifukwa cake. Nambala imene mwana wapeza ilibe tanthauzo payokha. Imatanthauza kanthu pokhapokha poiyelekezela ndi za ana ena amsinkhu wake amene anapimidwa mwa njila imodzimodziyo. Ukathandiza mmodzi, wamucotsa pa muyeso wa anzake onse.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene tinadziwila kuti sitinabwele kudzapumula. Ana enawo amene tikuyelekezela nawo mwana wa ku Kanyama kapena wa ku Petauke ndi ati?

Zipangizo zambili zimene timagwilitsila nchito zinapangidwa kutali. Mayeso oyamba a nzelu za ana anapangidwa ku France mu 1905 ndi Alfred Binet ndi Théodore Simon. A David Wechsler ndi a ku America: a ana anatuluka mu 1949, a akulu mu 1955. A John Raven, a zithunzi zosowa cidutswa cimodzi, ndi a ku Britain mu 1938. Pa mayeso a Wechsler, nambala yapakati ndi 100, ndipo wopeza pansi pa 70 amayamba kuganizilidwa kuti ali ndi ulemali wa nzelu, ngakhale kuti nambala yokha siikwanila, pafunikanso kuona mmene munthuyo amadzithandizila pa umoyo wa tsiku ndi tsiku. Koma 100 ameneyo anacokela pa anthu a kumene mayesowo anapangidwila, anthu amene anakula ndi mabuku a zithunzi, mapazo ndi makilayoni. Mu 2016 ofufuza a ku Zambia, Norway ndi America anafalitsa zimene anapeza atapima anthu akuluakulu 324 a muno m'dziko, onse athanzi. Atawayelekezela ndi miyeso ya anthu akuda a ku America, ambili anaoneka ngati ali ndi vuto la ubongo pamene analibe. N'cifukwa cake anapanga miyeso ya kuno kwathu.

Cenjezoli silinayambe dzulo. Pulofesa Robert Serpell, amene anaphunzitsa saikoloji zaka zambili pa Yunivesite ya Zambia, anafalitsa mu 1979 kafukufuku amene timakonda kusimbila makolo. Anatenga ana a mu Lusaka ndi a ku Manchester n'kuwapempha kutengela zithunzi zofanana. Pojambula ndi pensulo pa pepala, a ku Manchester anapambana. Popinda waya, a mu Lusaka anawasiya kutali, ndipo aliyense amene anakula akupanga galimoto za waya sangadabwe. Poumba, magulu awiliwa anafanana, cifukwa onse anazolowela kuumba. Kucokela m'maganizo amenewa munabadwa mayeso ochedwa Panga Munthu: mwana amapatsidwa dothi kuti aumbe munthu, ndipo timayang'ana ziwalo zimene waika ndi mmene wazilinganizila. Miyeso yake ya ana a ku Zambia inafalitsidwa mu 1998. Serpell yemweyo, pofufuza pakati pa Acewa m'boma la Katete, anapeza kuti akulu akamanena za mwana wanzelu samatanthauza kucenjela kokha. Amatanthauzanso kutumikila, mwana amene ungamutume n'kukhulupilila kuti akacita. Mabokosi ambili a mayeso ocokela kunja alibe tsamba la zimenezi. Ife timafunsa ndithu: "Ambuye, kodi mukamutuma ku msika amabwela ndi zimene mwamutuma? Nanga chenji?" Yankho lake timalilemba mu lipoti.

Ndiye pali cilankhulo. Mwana wa mu Lusaka amalankhula Cinyanja ca m'tauni, cosakanizika ndi Cibemba ndi Cingelezi, ndipo Cinyanja ca m'mabuku cimam'mvekela cacilendo. Wina kunyumba amalankhula Cinsenga kapena Cisoli. Ngakhale mayeso osavuta obweleza manambala motsatana kenako cobwelela m'mbuyo, timawachula mu Cingelezi, cifukwa ndi mmene tonse timawelengela ndalama pa Soweto Market. Uyese kunena "zisanu ndi ziwili" kwa mwana wa ku Matero, aona ngati wamupatsa samu.

Conco khutu lija la uphungu, limene tinali kuganiza kuti talisiya pakhomo, ndilo limatipulumutsa. Tsiku lina ambuye ena anabwela ndi mdzukulu wawo wa zaka khumi amene anali kubweleza giledi 3. Kalata ya ku sukulu inali yaifupi: mwanayu samva zophunzitsa, apimidwe kuti apite ku kalasi yapadela. Pa mafunso a pakamwa anapeza zocepa kwambili. Pa mabuloko ndi pa dothi anacita monga anzake, mwinanso kuposa. Nthawi yonseyi anali kupendeketsa mutu kumbali imodzi n'kumayang'ana milomo ya womupima. Titakhala ndi ambuye ake paokha, osati ndi fomu koma kungoceza mmene tinazolowela kale, anati, "Mwana wanga, khutu lakelo linayamba kutuluka mafinya mai wake akali moyo, ine ndinaona monga linapola." Tinawatumiza kukapimitsa makutu tisanalembe nambala iliyonse. Mwanayo anali kumva pang'ono cabe. Mu lipoti tinapempha cithandizo ca makutu ndi mpando wakutsogolo m'kalasi lake lomwelo.

Njala imatsitsa nambala. Malungo a mlungu watha amaitsitsa. Khunyu ndi mankhwala ake, mantha a mwana amene sanakhalepo m'cipinda cotseka ndi mlendo wovala bwino, cisoni ca mwana amene atate ake anaikidwa mwezi watha, zonsezi zimalowa mu nambala imodzi ija ndipo siziwoneka ukangoyang'ana pepala. Wozidziwa ndi amene wafunsa, ndipo wofunsa bwino ndi amene anaphunzila kudikila munthu mpaka atanena cimene cili pansi pa mtima. Ticita mantha tikaona wacinyamata wangotsiliza digili, wagula bokosi la mayeso, n'kuyamba kugawila ana manambala asanakhalepo ola limodzi ndi kholo lolila.

Kusiyana kwina kumene sitinakuzolowele mpaka lelo ndi kwa cinsinsi. Mu uphungu, mawu anali kuthela m'cipinda. Munthu akatuluka, zimene wanena zinali kutsala ndi ife. Lipoti lili ndi miyendo. Limapita kwa ahedi, limalowa m'faelo, limawelengedwa ndi woweluza amene sanamuonepo munthuyo, ndipo pambuyo pa zaka zisanu wina amalitulutsa m'kabati ife kulibe kuti tifotokoze. Kawilikawili amene watituma si amene wakhala patsogolo pathu. Kampani ikatumiza dalaivala amene anavulala mutu pa ngozi, kuti tione ngati angabwelele pa ciwongolelo, bamboyo amafuna yankho limodzi, kampani mwina ifuna lina, ndipo okwela basi nawonso ali ndi gawo lawo ngakhale sali m'cipindamo. Timamuuza poyamba penipeni kuti, "Atate, zimene tipeze zipita kwa amene akutumani, ndipo si ife ogamula." Mphungu sanena mawu otelo. Kuwanena kumawawa nthawi iliyonse, koma kusawanena kungakhale kumunyenga munthuyo.

Malamulo nawonso anasintha pa nthawi yathu. Lamulo la zaumoyo wa maganizo la 2019 linalowa m'malo mwa la atsamunda la 1949, lija limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo latsopanoli limaika patsogolo ulemu ndi ufulu wa munthu, ndipo zimenezi zimatikumbutsa kusankha mawu polemba. Liwu limodzi losasamala mu lipoti limamamatila mwana kuposa dzina la cibwana.

Cimene tinataya timacidziwa. Sitionanso munthu akucila pang'onopang'ono. Kale tinali kuona mai amene anabwela osatha kudzutsa mutu, pakapita miyezi isanu n'kulowa atavala citenge catsopano akusimba za kantemba kamene watsegula. Tsopano timakumana ndi munthu kawili kapena katatu basi, ndipo zotsatila zake sitizimva kawilikawili. Madzulo ambili amathela pa kompyuta, kuwelengetsa ndi kulemba, ndipo lipoti limodzi limadya maola ambili kuposa kupima kwenikweniko. Mabokosi a mayeso amagulidwa ndi madola, mapepala oyankhilapo akatha ugulenso, conco atatufe timabwelekana bokosi limodzi monga anthu a m'mudzi abwelekana ng'ombe zolimila.

Mbali ya uphungu imene tinakana kuisiya ndi tsiku lofotokoza zotsatila. Sitituma lipoti pa WhatsApp, ngakhale kholo litacondelela kuti thilansipoti yavuta. Timakhala pansi ola lathunthu, timayamba ndi zimene mwana amatha, kenako zimene zimam'vuta, ndipo timadikila mafunso. Lipoti lenileni limalembedwa mu Cingelezi cifukwa ndico cimene sukulu ndi khoti zimafuna. Koma caka catha tinagwilizana kuwonjezela tsamba limodzi kumapeto, la m'Cinyanja cosavuta, lopanda nambala iliyonse, lonena zinthu zitatu kapena zinayi zimene a panyumba angacite kuyambila mawa. Mnzathu wina amene amadziwa bwino Cibemba watiyambila kale kumasulila tsambalo, ndipo la Citonga tikali kufunafuna wotithandiza.