Ku Thyolo kuli zambiri, si nthochi zokha ayi

Ambirife amene timachita geni mu Limbe ndi mu Blantyre, Thyolo timamudziwa mpaka pa Bvumbwe basi. Tikapikula tomato, kabichi ndi karoti, timamanga matumba n'kukwera minibasi yobwerera, maso ali pa mpamba. Ine ulendo uno ndinati iyayi, dengu litsale kunyumba, ndikaone zimene alendo ochokera kunja amalipirira ndalama zankhaninkhani kuti adzaone kwathu konkuno.

Mukangopitirira Bvumbwe kulowera ku boma, dziko limasintha. Tiyi yekhayekha, wobiriwira ngati wina wayala nsalu pamapiri, wodulidwa molingana ngati tebulo. Uku mizere ya bulugama ya nkhuni za kufakitale, uko anthu ali ndi madengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, manja akuthamanga ngati akuwerenga ndalama. Kukongola kwake n'kosachita kufunsa.

Poyamba ndinakhotera ku Satemwa, patsinde pa phiri la Thyolo. Esiteti imeneyi anaiyambitsa mu 1923 ndi mzungu wa ku Scotland dzina lake Maclean Kay, ndipo nyumba yake, Huntingdon House, ilipobe mpaka lero. Tsopano ndi malo ogona alendo: khonde lalikulu, maluwa mbali zonse, udzu wometa bwino. Alendo amalawa mitundu ya tiyi, ena amakwera kumtunda ndi zoonera patali kukasaka kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe. Tangoganizani, kambalame kotenga dzina la boma lathu, koma nkhalango yake yambiri paphiripo inatha ndi nkhwangwa ndi makasu. Musafulumire kuweruza odulawo. Dikirani kaye.

Kuchoka apo ndinalowera njira ya ku Makwasa kukafika pa Malamulo. Malowa anayamba ndi Joseph Booth, yemwe uja anatenga John Chilembwe kupita naye ku America. Mu 1902 anakhala m'manja mwa mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo amene anatumizidwa kudzayendetsa mishoniyi anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Ndi angati mwa ife amene timadziwa zimenezi? Ambiri timangodziwa chipatala chake, chomwe kale chinatchuka ndi kuchiza khate.

Kwina kumene anthu amakonda kukaona ndi ku Ndata, kumudzi kwa malemu Bingu wa Mutharika. Anamwalira mu Epulo 2012 ali pampando, ndipo anaikidwa m'chinyumba choyera chotchedwa Mpumulo wa Bata, pafupi ndi mkazi wawo Ethel amene anatsogola mu 2007. Chapomwepo pali yunivesite ya sayansi ya MUST. Kaya munkawakonda kaya ayi, ndi mbiri yathu imeneyo.

Koma abale anga, mbiri imene inandigwira mtima ine ilibe khonde, ilibe maluwa.

Minda yonseyi sinadzilime yokha. Pamene azungu anatenga malo aakuluakulu m'zaka za m'ma 1890, anthu okhala pamalopo anasanduka alendo pakwawo. Kenaka kunabwera Alomwe ambiri kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo kuti apeze pomanga nyumba ndi kadimba, ankagwira ntchito kwa mwini esiteti m'malo mwa lendi. Imeneyo ndiyo thangata. Mawu abwinobwino othandizana pamudzi anasanduka goli. Choipitsitsa, bwana ankafuna anthu nthawi ya dzinja, pamene munthu amayenera kupalira chimanga chake. Inu amene mumalipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, ngakhale malonda asanayende, mukumvetsa kuwawa kwake kwa kulipira musanadye.

Mkwiyo unaphulika mu Ogasiti 1953, chaka chimene atsamunda anatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Nkhani inayamba ngati yamasewera: anthu awiri anagwidwa pa esiteti ina chakufupi ndi Luchenza, ati aba malalanje. Mudzi unanyamuka. Misewu inatsekedwa ndi mitengo, ntchito inaima, zipolowe zinafalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anafa. Malalanje anali chabe poyambira. Nkhani yeniyeni inali malo ndi thangata. Thangatayo anadzatha mwalamulo mu 1962, koma nkhani ya malo sinathe. Pitani mukaone nokha midzi yopanikizana m'mphepete mwa minda, chimanga chodzalidwa mpaka pamtsetse poti ngakhale mbuzi imaganiza kawiri. Ndiye mukaona phiri lopanda mitengo lija, muyambe mwafunsa kuti munthu akalime kuti.

Tiyi wathuyu wina amadutsa pa okushoni ya mu Limbe, ndipo wambiri amapita ku Britain ndi ku South Africa. Kumeneko ku Mangalande, mizinda ngati York ndi Liverpool imadyera mbiri yake. Liverpool mpaka inatsegula mu 2007 nyumba yosungiramo mbiri ya ukapolo, yofotokoza manyazi a mzinda womwewo, ndipo anthu akhala akupita kukaona. Sabisa. Nanga ife? M'njira zonse ndinayendamo, zikwangwani za maesiteti ndinaziona zambiri, koma cholembedwa maina a agogo athu a 1953 sindinakumane nacho.

Tsono pempho langa ndi ili. A khonsolo ya Thyolo, mafumu ndi eni maesiteti akhale pansi, aike mwala wachikumbutso poonekera, mlendo akamajambula tiyi aziwerenganso za manja amene anamudzala. Alendo akamaima, ndiye kuti mayi wa nthochi ndi mapeyala pamsewu wagulitsanso.

Ndipo inu anzanga apamsika, Lamulungu lina tsekani benchi, tengani ana, muwonjezere pang'ono pa ndalama ya ku Bvumbwe. Mukafika, chezani ndi okalamba a m'midzimo. Zambiri zili m'mitu mwawo, ndipo sakhala nafe mpaka kalekale.