Mai Wopeka Nyimbo Pamtondo

Ca kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, m'midzi yoyandikana ndi dooko la Kachulu, kale tambala akalira kaciwiri kunkamveka kugunda kwa minsi. Pakati pa akazi osinjawo pankakhala mmodzi wodziwa kupeka nyimbo. Mai ameneyu sanapite ku sukulu, ndipo colembera sanacigwirepo, koma munsi ndiwo unali ng'oma yace, ndipo pamtondo ndipo panali bwalo lace.

Nyimbo zace sizinali zongosangalatsa ai. Sikunali kwa ulemu kuti mkazi atsutse mwamuna wace kapena apongozi pamaso pa anthu, koma mau oimbidwa pamtondo analibe mlandu. Motero iye ankaimba za mwamuna amene anapita ku Joni ndi Wenela osatumiza ngakhale kalata, za thangata m'minda ya Azungu, za nsanje ya pamitala, ndi za njala ya 1949. Wolakwa ankamva ali m'nyumba, nacita manyazi. Anzace ankabvomereza, nyimbo nkufalikira kufikira ku cisumbu ca Chisi, koma dzina la mwini wace linkatsalira m'mbuyo.

Kwa Azulu kunali mai wina waluso lotere, dzina lace Magogo, mwana wa Mfumu Dinuzulu, amene anabadwa mu 1900 namwalira mu 1989. Iye ankapeka nyimbo naziimba ndi uta wa cikho wochedwa ugubhu. Hugh Tracey anajambula mau ace, ndipo dzina lace likumbukika kufikira lero. Tracey yemweyo anafika m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958, ndipo nyimbo zimene anajambula zikusungidwa ku Rhodes University. Koma makina a munthu mmodzi sakanafika pa mtondo uli wonse.

Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, koma mvula itagwa madzi anabwerera, matemba nawonso anabwerera. Nyimbo siitero. Cigayo citalowa m'midzi minsi yambiri inaleka kulira, ndipo nkhalamba ikamwalira imapita ndi nyimbo zace kumanda.

Cifukwa cace munthu amene waphunzira kulemba ali ndi nchito yomdikira. Akhale pamphasa ndi agogo ace, awapemphe nyimbo imodzi, ailembe m'kope mwace, ndipo pamwamba aikepo dzina la mai amene anaipeka, mudzi wace ndi pfuko lace. Akatero, adzukulu ace poiimba adzadziwa amene ayenera kumthokoza.