Za cooler box ya mpopi ija

Chithunzi ndinaika Loweruka chija, cha cooler box yokhala ndi mpopi, chandibweretsera mafunso ambiri ku inbox. Ena akuti ndayamba kutcheza kachasu, ena akuti ndi makina opangira ayisi. Ayi abale. Ndi chiwiya chofululira mowa, ndipo ndinachipanga pakhomo pano. Ndiyankhe kamodzi pano basi. Amene yamutalikira adumphe.

Ntchitoyi ndinaionera ku Cape Town mu 2020, nthawi ija boma la South Africa linaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha Covid. Ambiri ankafulula wa chinanazi m'zigubu. Koma bwana amene ndinkawasamalira maluwa ankafulula wawo mu garaja, kuyambira ku njere zenizeni, ine ndikuwatsukira ziwiya. Anandifotokozera ndi Chingerezi chambirimbiri, koma nditanunkhiza thumba la njerezo ndinaseka. Chinali chimera basi! Cha barele inde, koma chimera ngati chomwe chija agogo aakazi ankayanika pamphasa kuseri kwa nyumba kwathu ku Nkhotakota.

Nkhani yake ili motere. Njere ikamera imakhala ndi ma enzyme amene amasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo shugayo ndi amene yisiti imadya n'kupanga mowa. N'chifukwa chake phala limatsekemera mukathiramo chimera pophika thobwa. Agogo ankadikira phala lipole pang'ono, n'kuyesa ndi chala. Bwana aja ankayesa ndi thermometer: madigiri 65 mpaka 67, kwa ola lathunthu. Mukatsika cha m'ma 63 mowa umatuluka wopepuka mkamwa koma waukali. Mukakwera cha m'ma 69 umakhala wolemera, wotsekemerako. Mukadutsa 78 ma enzyme aja afa, mwangophika phala. Ndiye chiwiyachi ntchito zake ndi ziwiri zokha: kusunga kutentha, ndi kulekanitsa madzi otsekemera ndi masese. Bokosi limene limaletsa ayisi kusungunuka limaletsanso kutentha kuthawa.

Nditabwerera kumudzi n'kunena zimene ndikufuna, madala analowa m'nyumba n'kutulutsa bokosi lawo lija ankanyamuliramo chambo kupita nacho kumsewu wa M5. Lakhala lili pakona chiyambire chambo kusowa. Anandipatsa ndi manja awiri. Abale, kukana mphatso ya bambo ako si chinthu chapafupi. Koma pulasitiki ikakandikakandika imasunga fungo la nsomba m'mikwingwirima muja, ngakhale muitsuke ndi soda kangati, ndipo madzi otentha amalidzutsa. Ndinawauza mwaulemu kuti, "Bambo, limeneli ndi la nyanja, lisiyeni likhale la nyanja." Sanayankhe. Masiku awiri sanandifunse kanthu.

Ndinagula lina latsopano la malita 40. Pamene pali kabowo kotayira madzi ndinaikapo mpopi wachitsulo chosachita dzimbiri, ndi mawashala a labala mkati ndi kunja. Mkati, pansi penipeni, mumagona kafelemu ka paipi ya kopa ya 15 mm, yomweyi ya mapulambala: zidutswa zowongoka, makona anayi, ndi T mmodzi wolumikiza ku mpopi. Zidutswazo mumangolowetsana, osawotcherera, kuti mukamaliza muzisula n'kutsuka mkati. Paipiyo mumaicheka timipata ndi sowo yodulira zitsulo, sentimita imodzi imodzi, osafika pakati pa paipi, ndipo timipatato tiziyang'ana pansi.

Ndikucheka choncho madala anabwera n'kukhala pa mpando, kumangoyang'ana. Kenako anafunsa kuti timipata takula chonchi tigwira bwanji gaga. Ndinawafotokozera kuti chosefa chenicheni si paipi ayi, ndi makoko a barele omwewo. Amakhazikika pansi n'kupanga mphasa, madzi n'kumadutsamo pang'onopang'ono. Paipi imangochirikiza. Iwo anagwedeza mutu n'kuti, "Ndiye ndi ukonde umenewo. Wa maso ang'onoang'ono umakokolola ndi matope omwe, sukokeka." Kuyambira pamenepo sowo anailanda ndi iwo. Pamene mpopi unkadontha anakonzanso ndi iwo. Munthu wamata mabwato moyo wake wonse, dontho la madzi amaliona lisanagwe.

Mawu awo aja ndi lamulo la ntchito yonseyi. Chimera musapite nacho kuchigayo kuti chikhale ufa. Chimangofunika kuswa, njere igawike katatu kapena kanayi, khoko likhale lathunthu. Ufa umatseka zonse, mpopi n'kuuma muli ndi malita a madzi otsekemera m'bokosi.

Kwa ofuna manambala, mowa wa malita 20 ndimachita chonchi. Chimera makilogalamu 5. Madzi malita 14 otentha madigiri 73 kapena 74, chifukwa chimera chozizira chikalowamo amatsika okha kufika pa 66. Bokosi muyambe mwalitenthetsa ndi ketulo imodzi ya madzi, n'kutaya. Takasani bwino pasakhale zibuluma, tsekani, fundikani bulangeti, ndipo musamatsegule n'kumasuzumira. Ola likakwana tengani madontho pa sosala, dontheza ayodini wa pachilonda uja. Akada bii, sitachi idakalipo, dikirani. Akapanda kusintha, mwatha. Za pa sosalazo tayani, zisabwerere m'bokosi. Malita awiri oyamba kutuluka amakhala a mbuu, abwezereni pamwamba mofatsa mpaka ayere. Kenako tsegulani mpopi pang'ono chabe, muzithira madzi ena a madigiri 76 pamwamba kutsukuluza shuga wotsala, mpaka mumphika mufike malita 25 kapena kuposera pang'ono. Za kuwiritsa ndi hops ndi yisiti tidzakamba tsiku lina.

Alibe ya cooler box asadandaule. Tengani ndowa ziwiri zatsopano za malita 20, zosungira chakudya. Imodzi muiboole pansi timabowo tambirimbiri ta mamilimita awiri, muilowetse mwa inzake imene mwaiika mpopi. Muziike mu dengu lalikulu, m'mbali mutsendere mankhusu a mpunga, pamwamba bulangeti. Zimagwira, kungoti chimera muchepetseko.

Tsopano apa ndiye mundimvetsetse, chifukwa wina wandilembera kale kuti asefera neti ya udzudzu. Aise, ayi. Maneti amene amagawa kuchipatala ali ndi mankhwala ophera tizilombo. Tawaona akuwononga nyanja pokokolola tiana ta nsomba, asalowenso m'mimba mwathu. Ngati mukufuna nsalu, gulani katani yopyapyala yatsopano, muichape, muiwiritse. Chigubu chimene munali mafuta a injini, petulo kapena mankhwala a m'munda, ngakhale chioneke choyera bwanji, ayi. Ndowa ya malata ayi, paipi ya pulasitiki ya zimbudzi ayi, chifukwa madzi a chimera ndi otentha komanso owawasa pang'ono, amasungunula zimene maso saona. Pulumutsani ndalama pa bulangeti ndi dengu, osati pa chinthu chokhudza chimene mudzamwe.

Barele ndimachita kuitanitsa pa basi kuchokera ku Joni, ndipo sikutchipa. N'chifukwa chake ndayamba kusakaniza ndi chimera cha mapira ndi mawere. Chimenechi chili ndi khalidwe lake. Sitachi yake imafuna kutentha kwambiri kuti imasuke, ndiye gawo lina mumayamba mwaliphika padera ngati phala, n'kulipoza, monga ankachitira agogo. Chilibenso makoko okwanira osefera, choncho ndimathiramo manja angapo a mankhusu a mpunga otsuka bwino. Kuno kunyanja amenewo amangotayidwa kuseri kwa chigayo.

Sindigulitsa, musatumize maoda. Ndi wakumwa pakhomo, akuluakulu okhaokha. Tsiku lofulula madala sapita kugombe kukacheza. Thermometer amasunga ndi iwo, ndipo ola lisanakwane palibe amene amaloledwa kukhudza chivundikiro, ngakhale ineyo.

Amene ali ndi funso afunse pagulu pompano kuti tonse tiphunzire. Mukatumiza kwa ena, ndime ya neti ija musaichotse.