Wojambula Zithunzi m'Mzinda Waung'ono

Anyamata ambiri otsiriza sukulu amayesa kuti kujambula zithunzi ndi nchito yopepuka, yongofuna kamera basi. Koma cithunzi si ufa kapena mcere, zimene munthu agula sabata ndi sabata. M'mzinda waung'ono anthu ofuna kujambulidwa ndi owerengeka, ndipo mmisiri amene sadziwa kuwakopa kuti abwerenso adzagona ndi njala, kamera ili kumutu.

Moyo wa Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, usonyeza m'mene nchito imeneyi ingadyetsere mwini wace. Iye poyamba anaphunzira ukalipentala kwa atate wace. M'caka ca 1935 mbale wa makolo ace, pocokera ku Senegal, anampatsa kamera yaing'ono ya Kodak Brownie. Anaphunzira pang'onopang'ono, ndipo m'caka ca 1948 anatsegula malo ojambulira pabwalo la kwao, dzikolo likali m'manja mwa Afalansa.

Cinthu coyamba cimene cinamsunga ndi kusaononga. Filimu ndi mapepala zinali kucokera kutali ndiponso zinali zokwera mtengo, cotero munthu mmodzi anali kumjambula kamodzi kokha. Cifukwa ca ici anali kuyamba wamkhazika bwino, namtembenuza nkhope, namkonzera manja, asanakhudze kamera. Nyale yace yaikuru inali dzuwa, ndipo nsaru yoyamba imene anapacika kumbuyo kwa anthu inali cofunda ca pakama pace.

Caciwiri, anazindikira cimene anthu anali kudzagula. Munthu sapereka ndalama zace kuti aone umphawi wace papepala. Afuna kuoneka monga momwe mtima wace ukhumbira. Cotero Keïta anasunga masuti, mawochi, zolembera, wailesi, njinga ndi njinga yamoto, kuti wobwera opanda kanthu abwereke kanthawi kocepa. Akazi anali kudza atabvala nsaru zao zamtengo, ndipo iye anasamala kuti ziyale bwino. Wokondwa anali kuonetsa cithunzi kwa abale, abalewo nabwera naonso. Kumene anthu adziwana onse, mbiri yabwino iyenda msanga, koma yoipa iposa liwiro.

Cacitatu, sanadalire anansi okha. Malo ace sanali kutali ndi siteshoni ya njanji yocokera ku Dakar, ndipo apaulendo anali kupatuka kuti akatenge cithunzi copita naco kwao.

Mali atalandira ufulu m'caka ca 1960, zinthu zinasintha. M'caka ca 1962 Keïta analowa nchito yojambulira boma, nagwira kufikira 1977. Koma mafilimu ace akale, zikwi zambiri, sanawataye, anawasunga bwino. M'caka ca 1991 zithunzi zace zina zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lace. Anthu anafufuza mwini wace nampeza ku Bamako, ndipo m'caka ca 1994 nchito yace inaonetsedwa ku Paris, mzinda umene anamwaliramo m'caka ca 2001. Akuru anati, sunga khosi, mkanda woyera udzabvala.

Masiku ano foni ya m'thumba ijambula kwaulere, ndipo makobili a wojambula acepa kuposa kale. Komabe paukwati, pamwambo wolandira madigiri ndi pa tsiku lina liri lonse lalikuru, anthu afunabe mmisiri wodekha, wosunga nthawi, wowapatsa ulemu. Wosankha nchito imeneyi aphunzire kamera, koma makamaka aphunzire anthu a kwao, pakuti ndiwo munda wace.