ULENDO WA KU MUGHESE: ZA MLENDO, GALIMOTO NDI CHIPANGANO

Mwezi uno tikutengerani ku mapiri a kumpoto kwenikweni kwa dziko lathu, ku Mughese, m'dera la Misuku, m'boma la Chitipa. Tidapitako m'mwezi wa Novembala chaka cha 2023, tikuperekeza mlendo wochokera kutali; ndipo ulendowo udatsala pang'ono kufera pakhomo, chifukwa cha mawu ochepa amene tidachita ulesi kupangana. Ambiri a inu muli ndi ana ku Joni ndi ku maiko ena, ndipo tsiku lina adzakupemphani zimene adatipempha wathu. Chifukwa chake tcherani khutu.

Mwana wathu wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg. M'mwezi wa Seputembala adatiimbira lamya, nati: "Abambo ndi amayi, agogo aja amene adandisunga m'nyumba mwawo masiku amene ndidalibe pogona akufuna kudzaona kwathu. Iwo ndi aphunzitsi opuma ntchito, okonda mbalame. Akufuna ayambe aona nkhalango ya Mughese, pambuyo pake nyama za ku Nyika. Muwapezere galimoto yowatenga pabwalo la ndege, ikawatule ku hotela ku Lilongwe, ndipo m'mawa mwake iwatengere kumpoto. Chonde, asadzavutike m'dziko lathu." Mawu amenewa adatilemera, pakuti ngongole ya mwana ndi ya makolo ake. Mayi wa zaka zoposa 70, wosamva Chichewa, wosadziwa njira, adalikudza atadalira mawu athu okha.

Tsono mnzathu wina adatilozera kwa mnyamata wa m'tauni amene adali ndi galimoto. Tidalankhula naye pa lamya, natchula mtengo umodzi wa ulendo wonse. Ife tidavomera mosangalala, ndipo tidamtumizira chikole pa lamya pomwepo. Galimotoyo sitidaione, ndipo sitidalembe kanthu. Tidagona tulo tabwino milungu isanu ndi iwiri, tikuyesa kuti zonse zatha.

Koma kuyambira pa 9 Novembala, Banki Yaikulu ya dziko lino idagwetsa mphamvu ya ndalama ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse. Nthawi yomweyo mafuta adakwera mtengo: dizilo adachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndipo petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Loweruka mnyamata uja adatiimbira, nati pa mtengo tidapangana uja sangapite, pakuti ndalama yonse idzathera m'mafuta. Pofunsitsa, tidamvanso kuti galimoto yake idali yaing'ono, yapansipansi, ya m'misewu ya tala, ndipo iye mwini sadapondeko ku Misuku chibadwire. Ndege ya mlendo idali ya Lachiwiri. Ha! Mitima idatiima.

Tidapita kwa atsibweni athu tili okwiya, tikuti mnyamatayo watinyenga. Iwo adatimvetsera mpaka tidatsiriza, natifunsa modekha: "Kodi galimotoyo mudaiona ndi maso? Mudapangana kuti mafuta adzagula ndani? Nanga mwini wakeyo ankati azikagona kuti, azikadya chiyani?" Tidakhala chete. Ndipo iwo adati: "Adzukulu anga, safunsa adadya phula. Mwanayo akadakhala wakuba, akadazimitsa lamya. Wanena zoona nthawi ikadalipo, muthokozeni." Ndipotu tsiku lomwelo mnyamatayo adabweza chikole chonse.

Alamu athu amene amaphunzitsa ku Karonga adatipezera dalaivala wina, bambo wachikulire wa ku Chitipa, amene masiku amenewo adali ku Lilongwe. Adabwera pakhomo pathu ndi galimoto yake, yaitali miyendo, yokoka ndi mateyala onse anayi. Tidamyalira mphasa, ndipo nthawi ino atsibweni adakhala pomwepo, pepala ndi pensulo zili m'manja. Zimene tidalemba nazi, ndipo muzisunge.

Choyamba, mtengo wa galimoto ndi mwini wake ukhale wa pa tsiku, ndipo mafuta tizigula ife pa pampu, tikulandira lisiti. Potero mafuta akakwera kapena akatsika, palibe wolira. Chachiwiri, chakudya ndi pogona pa dalaivala zikhale pa ife, pakuti munthu wogona m'galimoto ndi njala sayendetsa bwino m'mawa. Chachitatu, tidaona ndi maso athu laisensi yake, mapepala a inshuwaransi, teyala lapadera ndi jeke. Chachinayi, tidampatsa nambala ya ndege ndi ola lofikira, ndipo iye adalonjeza kudikira ngakhale ndege ichedwe. Chachisanu, tidatumizira mlendo dzina la dalaivala, chithunzi chake ndi nambala ya galimoto, kuti asadzakwere ya munthu wina. Chachisanu ndi chimodzi, tidapangana kuti usiku sitidzayenda. Pomaliza bamboyo adaonjeza lake, nati: "Bambo ndi mayi, mafuta akusowa masiku ano. Paliponse pamene tidzawapeze, tidzadzaze thanki, ngakhale ili ndi theka." Tonse tidasaina.

Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo lidatsegulidwa m'chaka cha 1983. Pamenepo pamatera ndege zochokera ku Johannesburg, Nairobi ndi Addis Ababa. Lachiwiri lija, pa 14 Novembala, ndege ya mlendo wathu idachedwa maola awiri. Dalaivala adaima pakhomo lotulukira alendo nthawi yonseyo, atanyamula pepala lolembedwa dzina lawo ndi malembo akuluakulu. Agogowo atatuluka, anthu ambiri adawaitanira ku magalimoto awo. Koma iwo adayang'ana pepalalo, nayang'ananso chithunzi cha pa lamya yawo, namwetulira. Panja adawerenga nambala ya galimoto asadakwere. Madzulo amenewo adagona ku hotela ku Lilongwe, ndipo mwana wathu ku Joni adagona tulo kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi.

M'mawa tidanyamuka pa msewu waukulu wa M1, kudzera ku Mponela, Kasungu ndi Jenda, mpaka tidakwera mapiri a Viphya. Kumeneko kuli Chikangawa, kumene boma lidabzala mitengo ya paini pa mahekitala oposa 50,000. Koma ife tidaona zitunda zambiri zili mbee, zitsa zokhazokha, chifukwa cha macheka ndi moto. Mlendo adakhala chete kanthawi, nafunsa ngati ku Mughese nako kuli chonchi. Dalaivala adangoti: "Agogo, mukaona nokha." Tidagona ku Mzuzu, titayenda makilomita pafupifupi 350.

Tsiku lachiwiri tidadutsa Ekwendeni ndi Phwezi, ndipo tidatsika chitunda cha Chiweta, pamene msewu umakhotakhota ngati njoka ndipo nyanja imaonekera mwadzidzidzi pansi, yobiriwira, yosaoneka malire. Tidatsata gombe kudzera ku Chitimba ndi Chilumba, pakati pa minda ya mpunga ndi chinangwa, mpaka ku Karonga, makilomita pafupifupi 220 kuchokera ku Mzuzu. Kumeneko tidapeza dizilo titaima pamzere ola lathunthu, ndipo tidakumbukira mawu a bambo uja. Pochoka pa Karonga tidalunjika kumadzulo pa msewu wa ku Chitipa, umene udaikidwa tala ndi chithandizo cha dziko la China. Tidadutsa mphambano yopita ku mgodi wa Kayelekera, umene udayamba kutulutsa miyala ya uranium m'chaka cha 2009. Pa Kapoka tidasiya tala, tidakhotera ku dzanja lamanja.

Apa mpamene tidamvetsa chifukwa chake galimoto yaing'ono ija sikadafika. Msewu wa ku Misuku ngwadothi lofiira, wokwera ndi wotsika, phiri mbali iyi, phompho mbali inayo. Mvula yoyamba idali itagwa dzulo lake, ndipo dothi lidali loterera ngati therere. Pa chitunda china galimoto idayamba kuvina. Ife tidagwira mipando, koma dalaivala sadatutumuke. Adaima, natsika, nayenda pansi kukaona kumene kudali kouma, nabwera, nakweza galimoto pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tidafika dzuwa lisadalowe, monga tidapanganira.

Dziko la Misuku nlokongola koposa. Mapiri ake amakwera kufika mamita pafupifupi 2,000, ndipo kumpoto kwake kuli mtsinje wa Songwe, malire a dziko lathu ndi Tanzania. Anthu ake ndi Asukwa ndi Andali, a kwa Mwenemisuku, ndipo m'mawa amalonjerana kuti "Mwaghona." Amalima pa zitunda zotsetsereka kotero kuti munthu wa kuchigwa angaope kuimapo. Nthochi zili paliponse, nyemba ndi chimanga m'mizere yopingasa phiri, ndipo pakati pa nthochizo pali khofi, chuma cha dera lino. Alimi ake ali m'bungwe la alimi a khofi la Mzuzu Coffee, ndipo khofi amene amathyola m'miyezi yachisanu amakamwedwa mpaka ku maiko a kutsidya kwa nyanja.

Pamwamba pa minda imeneyi pali nkhalango zitatu zachilengedwe, Mughese, Wilindi ndi Matipa, zimene boma lidaziika pansi pa chitetezo m'chaka cha 1948. M'bandakucha tidalowa m'nkhalango ya Mughese, titatsogozedwa ndi mnyamata wa m'mudzi wapafupi amene dalaivala adali atamuuziratu pa lamya tikadali ku Karonga. Titangoyenda pang'ono, dzuwa lidatisowa. Mitengo yake njaitali, yoongoka, ina yoti anthu atatu sangaizungulire ndi mikono. Zilambe zikulendewera, ndere zitakuta makungwa, nkhungu ikuyenda pakati pa nthambi, madzi akudontha ngakhale mvula isakugwa. Tidaona anchima akulumpha m'mwamba, ndi nkulukulu za mapiko ofiira. Kenaka kudamveka phokoso ngati la mbuzi yolira, ndi mkokomo wa mapiko. Ndipo taonani, pa nthambi padatera mbalame yaikulu, yakuda ndi yoyera, ya mlomo wokhala ndi chisoti pamwamba, mbale wake wa nang'omba. Agogowo adatsitsa magalasi awo oonera patali, misozi ili m'maso, nati mbalame imeneyi adaiona m'buku zaka makumi anayi zapitazo, ndipo lero aiona yamoyo.

Potuluka, mnyamata wotitsogolera adationetsa kasupe wotumphuka m'mphepete mwa nkhalango, natiuza kuti madzi amene amamwa kwawo, ndi amene amatsukira khofi, amachokera m'mitengo imeneyi. Agogowo adamlipira ndalama ya tsiku lake, nagulanso uchi ndi khofi pamudzipo. Mayi wake wa mnyamatayo adati kwa ife: "Alendo otere akamabwera, ana athu amaona kuti mtengo woimirira nawonso umadyetsa." Pamenepo tidazindikira kuti chipangano chathu cha pa mphasa chija chidakhudza anthu ambiri amene sitidawadziwe: chikadalephereka, mnyamatayu sakadalandira kanthu, ndipo agogowo akadabwerera kwawo nkukauza anzawo kuti ku Malawi kulibe mawu.

Ntchito yonyamula alendo m'dera lino njakale. M'chaka cha 1881 adayamba kulambula msewu wa Stevenson, wochokera ku Karonga kulunjika ku nyanja ya Tanganyika, kudzera m'dziko limene Azungu adalitcha Fort Hill, lomwe lero ndi Chitipa. Pa msewu umenewo makolo athu adasenza katundu wa kampani ya Mandala pamutu, ndi alendo m'machila. Mtengatenga uja adalibe pepala lomteteza, ndipo kawirikawiri sadafunsidwe za njala yake kapena za pogona pake. Dalaivala wa lero ndi mdzukulu wake pa ntchito. Chifukwa chake pepala lathu lidasamala mbali zonse ziwiri: mlendo afike bwino, ndi womnyamula asabwerere kwawo ali ndi ngongole.

Titakhala masiku awiri ku Misuku tidatsikanso, ndipo pa Rumphi tidasiyana. Dalaivala adapitirira ndi agogowo kudzera pa chipata cha Thazima kupita ku Chelinda, m'nkhalango ya nyama ya Nyika, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, kukaona mbidzi, chilembwe ndi ntchefu. Patapita masiku anayi adawatula pa bwalo la ndege lomwe lija, nabwera kwathu ndi malisiti onse a mafuta atawamanga ndi kampira. Tidawerengera pamodzi pamaso pa atsibweni, ndipo sipadasowe ngakhale tambala.

Tsono inu makolo amene ana anu adzakutumizirani mlendo, musachite manyazi kufunsa: onani galimoto, lekanitsani mtengo wa mafuta, funsani ngati woyendetsayo adapitako kumene mukumtumako, ndipo lembani zonse. Inunso anyamata amene mwagwira chiwongolero, mukaona kuti ulendo wakukulirani, nenani msanga monga adachitira mnyamata woyamba uja. Ndipo mukavomera, imani pakhomo ndi pepala lanu mpaka ndege itatera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma zimene waona m'dziko lathu amapita nazo.