Moto wa pansi ndi moto wa pamwamba

Ku Chisepo, m'dera la Mfumu Kayembe kumadzulo kwa boma la Dowa, kuli mayi wina amene amaphika makeke a tsiku lobadwa popanda uvuni wa magetsi. Zida zake ndi mbaula, sefuliya yaikulu, mchenga wa kudambo ndi chidutswa cha lata. Ofuna keke amamuuziratu kukadali sabata, ena amangotumiza chithunzi pa WhatsApp n'kulipira theka pa Airtel Money kapena Mpamba. Umu ndi mmene mwini wake akuifotokozera ntchitoyi.

Ine ndinayambira pa chigumu. Amayi ankaphika chogulitsa tsiku la msika, ndipo gawo langa linali kukanya nthochi. Nthochi zake zimafunika zakupsa kwambiri, zija makoko ayamba kuda, zimene wogula amazilambalala. Mumazikanya m'beseni, kuthiramo mgaiwa wosefa, kamchere, soda ndi shuga pang'ono ngati alipo, n'kutakasa ndi mthiko mpaka phala lake lilemere. Mukatero mumapaka mafuta m'poto, kukhuthuliramo, kuvundikira ndi lata n'kuyala makala pamwamba. Luso lagona pamenepo. Moto wa pansi ukhale wofatsa, waukali ukhale wa pamwamba. Mukasemphanitsa, pansi pamapserera m'kati mukadali phala. Amayi analibe wotchi. Ankangomva fungo ali kuseri kwa nyumba n'kukuwa kuti, "Iwe, phungula makala apansiwo!" Chikapsa ankachigadabuza m'mbale n'kuyamba ayang'ana kunsi kwake, chifukwa wophika amadziwikira kumeneko.

Chigumu chimenecho sichinkakhudzana ndi tsiku lobadwa la munthu. Tili ana, mwana ankasangalalidwa potuluka m'chikuta, mchombo ukagwa, pamene ankamumeta ndi kumutcha dzina. Zikatha apo zaka zake zinkawerengedwa ndi anzake obadwa nawo nyengo imodzi. Kusukulu aphunzitsi ankatiuza kuti tidutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo; wolephera ankabwerera kwawo kuti akakule kaye. Mpunga, nkhuku ndi Fanta tinkazionera pa Khirisimasi. Tsiku lobadwa limene aliyense ankalidziwa linali la munthu mmodzi, Kamuzu, pa 14 Meyi, pomwe amayi a mbumba ankakavina. Ngakhale limenelo linali losankhidwa chabe: boma linkati anabadwa mu 1906, pamene olemba mbiri ambiri amaloza cha m'ma 1898.

Kwa ine zinthu zinatembenuka mu 2017, nthawi ya kalembera wa ziphaso za unzika. Ndinaperekeza amayi pamzere. Mlembi atawafunsa tsiku limene anabadwa, anayankha zimene agogo anawauza: chaka chimene Kamuzu anatera pa Chileka, nthawi yokumba mtedza. Kamuzu anatera pa 6 Julayi 1958, ndiye chaka sichinavute. Mwezi tinagwirizana kuti ndi Juni, tsiku tinangotola la pakati. Chiphaso chitabwera, amayi anachitembenuzatembenuza, n'kuchimanga pa kansalu pamodzi ndi ndalama. Kuyambira pamenepo m'mudzi mwathu aliyense ali ndi tsiku lake lolembedwa, ndipo adzukulu okhala ndi mafoni saliiwala. Ana obadwira kuchipatala ndiye lawo lili kale m'buku la kusikelo.

Keke yoyamba anandipempha ndi mphunzitsi wina wa kupulaimale, ya mwana wake wa zaka zisanu. Ndinavomera ndisanaiphikepo n'kamodzi komwe, podalira kuti moto ndimaudziwa. Koma keke ndi yanyinyirika kuposa chigumu. Majarini ndi shuga mumazipuntha ndi mthiko mpaka ziyere, mkono kuchita kuwawa, kenako mazira limodzilimodzi, ufa wa tirigu pomaliza, ndipo apo simutakasanso mwamphamvu. Chitini chake sichikhala pa moto. Mumathira mchenga wouma pansi pa sefuliya, kuutenthetsa kaye, n'kukhazika chitinicho pamwamba pake kuti kutentha kufike mofanana. Lata ndi makala pamwamba, monga chigumu. Chachikulu ndi kuugwira mtima osavundukula msanga, poti mphepo ikangolowa keke imaphwa pakati. Nthawi ikakwana ndimabaya ndi mpeni; ukatuluka wouma, yapsa.

Zokongoletsera ndimakagula ku Mponela, zina mpaka ku Lilongwe. Mdani wake ndi dzuwa la Okutobala. Tsiku lina ndinatumiza keke pa kabaza masana, ndipo pofika kwa eni ake dzina la mwana linali litasungunuka n'kutsikira m'mbali. Ndinabweza theka la ndalama, mtima unandipweteka sabata yonse. Masiku ano m'chilimwe ndimakongoletsa m'mbandakucha, ndipo katoni ndimainyamula ndekha pamiyendo, wa njinga ndikumuuza kuti, "Achimwene, pamabampu pang'onopang'ono."

Malonda anga amayendera limodzi ndi munda. Fodya akayamba kugulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikalowa pamsika, mafoni amalira. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama yonse yathera ku feteleza ndipo nkhokwe zapepuka, kumakhala zii. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa wa tirigu, majarini ndi shuga zinakwera pafupifupi nthawi imodzi, ndipo makolo ambiri anayamba kufunsa mtengo n'kungoti adzandiimbira.

Amenewo ndi amene ndimawalimbikitsa za chigumu, ndipo sindichita nazo manyazi. Mwana wobadwa mu Febuluwale sanalakwe kanthu. Mgaiwa ndi wa kwathu, nthochi ndi za kudimba, mazira aikira nkhuku za pakhomo. Ndimaonjezamo mazira awiri ndi mkaka pang'ono, kuwaza nsinjiro zokazinga pamwamba, n'kubayapo kandulo. Pambali pake thobwa la chimera cha mawere, zitumbuwa ndi Sobo wa ana. Anzake amaimba, amam'thira madzi, azakhali amam'fupa timakobidi m'mbale, ndipo sindinaonepo mwana akukankha mbale chifukwa ufa wake ndi wa chimanga. Zimandiwawa ndikamva mayi akupepesa alendo kuti "tangophika chigumu", ngati kuti ndi chakudya chobisa.

Mu Juni 2023 amayi anakwanitsa zaka 65 malinga ndi chiphaso chija, ndipo adzukulu anasonkherana kuti agogo awo achitiridwe phwando loyamba m'moyo wawo. Ndinaphika zonse ziwiri, keke ndi chigumu. Tinayala mphasa pansi pa mango, kunja kukuzizira, mtedza wa chaka chimenecho uli poyanika. Keke anaidula atagwiridwa dzanja ndi mdzukulu wamng'ono, analawa kachidutswa n'kuyamikira kuti ndi yofewa. Kenako anati, "Tabweretsa chinacho." Ndinagwada n'kuwapatsira chigumu. Anachigadabuza m'mbale monga ankachitira kale, anayang'anitsitsa kunsi kwake, anagogoda ndi chala, ndipo sanapeze popserera. Anatenga mpeni n'kuyamba kugawira adzukulu, kuyambira wamng'ono.